Wojambula paukwati asasankhidwe mwachibale

Aliyense amene anakhalapo m'komiti ya ukwati m'tauni muno akudziwa m'mene nkhani imayendera. Msungichuma amawerenga ndalama zofunika: holo zakuti, zoimbira zakuti, keke, magalimoto, zovala za operekeza, makireti a zakumwa. Pa zonsezi anthu amakangana mpaka usiku. Koma ikangofika nkhani ya wojambula zithunzi, pamadzuka munthu mmodzi n'kunena kuti, "Apo tisatayepo ndalama a tcheya, mwana wa achemwali anga ali ndi kamera." Onse m'manja phuphuphu, nkhani yatha.

Ine ndinaomba nawo m'manja otere chaka chatha ku Chilomoni, ndipo mpaka lero manyazi sanandichoke. Mnyamatayo anafika kutchalitchi akwati atalowa kale. Pa nthawi yovekana mphete batire linali litatha. Ku holo anatanganidwa ndi atsikana ovina kuiwala eni ukwati. Titamulondalonda kwa miyezi itatu, anatiuza kuti kadi ya m'kamera inafufutika, ndipo anapulumutsapo zithunzi 20 zokha, zina mitu yoduka, zina mkwatibwi nkhope bii ngati waima m'phanga. Agogo ake a mkwati, amene anachoka ku Ntchisi akudwala kuti adzaone mdzukulu wawo akukwatira, anatisiya mvula isanagwe. Chithunzi chawo palibe n'chimodzi chomwe. Nanga mnyamatayo tikanamutani? Ndi mwana wathu, sitinalemberane naye kalikonse, ndipo kumudzudzula kukanakhala kuyambana ndi mayi ake.

Mwina ena afunsa kuti nyuzipepala imene imakamba za dziko ikutayiranji malo ndi zithunzi za ukwati. Afunseni anzathu amene anakhala kunja zaka zambirimbiri, akuuzani kulemera kwa chithunzi. Nduna zitasemphana ndi Dr Banda mu 1964, anthu ambiri anathawira ku Zambia, ku Tanzania ndi maiko ena, ndipo khomo lobwerera linatseguka pambuyo pa riferendamu ya pa 14 June 1993, boma litalengeza chikhululukiro. Malume anga anali mmodzi mwa iwo. Ukwati wa mlongo wawo, amene ndi mayi anga, anauonera ku Lusaka pa chithunzi chimodzi chomwe munthu wina anawapititsira atachibisa m'Baibulo. Kuno kumudzi agogo anali atadula ndi lumo nkhope ya malumewo pa zithunzi zonse za pakhomo, kuopa kuti alendo osadziwika angafunse kuti ameneyu ndani. Tsiku lomwe malume anabwerera, chinthu choyamba kutulutsa m'chikwama chinali chithunzi chija, ndipo anatchula mmodzimmodzi anthu oima kumbuyo kwa akwati, ambiri a iwo ali kale kumanda.

Chithunzi chimenecho chilipo mpaka lero, chatha zaka zoposa 50 koma nkhope zonse zikuoneka bwinobwino. Anachijambula ndi bambo wina woyenda pa njinga, wa kamera ya filimu. Filimu imodzi inkatulutsa zithunzi zosapitirira 36, choncho munthu ankayamba waganiza asanadine. Ankadziwa poimika anthu, ankadziwa komwe dzuwa likuchokera, ankadziwanso kuti filimu ikapsa dzina lake lapsa nayo. Lero kamera ili m'thumba mwa aliyense, ndipo amene wagula yaikulu pang'ono m'mawa, madzulo ndi katswiri kale. Palibe amene akumuletsa, ufulu tinaumenyera tokha. Koma ufulu womwewo ukutipatsa ife eni ukwati mphamvu yofunsa mafunso tisanapereke ndalama. Paja safunsa anadya phula.

Choyamba, muuzeni akuonetseni zithunzi za ukwati umodzi wonse, kuchokera kunyumba kwa mkwatibwi m'mawa mpaka ku holo madzulo. Zija amaika pa Facebook ndi zosankha, ndipo m'zithunzi 800 ngakhale wosadziwa amapezamo khumi zokongola. Chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Yang'anani makamaka za m'tchalitchi. Matchalitchi athu ambiri kuwala n'kochepa m'kati, monga ya St Michael and All Angels ku Blantyre yomwe inamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891, ndipo mmenemo ndi momwe mumaoneka amene ntchito akuidziwa. Khungu lathu ndi lakuda, diresi la mkwatibwi ndi loyera mbee. Kamera ikasiyidwa kuti iziganiza yokha, ikatsata diresi nkhope imada, ikatsata nkhope diresi limasanduka chinsalu choyera chopanda maluwa ake. Wozolowera amadziwa kuziyanjanitsa ziwirizi. Amadziwanso kuti dzuwa la masana mwezi wa October limaika mithunzi m'maso, kotero anthu amawaimika pamthunzi m'malo mowayanika pabwalo ngati chimanga.

Chachiwiri, akhale munthu wodziwa mwambo wathu. Ukwati siuima kudikira wojambula. Pa chinkhoswe, ankhoswe akamapatsana tambala ndi msoti, zimatha m'kanthawi kochepa, ndipo simungawauze akuluakulu kuti bwerezaninso sindinajambule. Chimodzimodzi kuvekana mphete, kusayina m'kaundula, ndi mayi a mkwatibwi akamapukuta misozi. Amene wayenda m'maukwati ambiri amakhala ataima kale pamalo zisanachitike. Amayamba wakaonana ndi abusa, ansembe kapena ashehe kuti amve pomwe akuloledwa kuima, chifukwa mipingo ina siifuna munthu woyendayenda kuguwa kapena kuthwanimitsa kamera pa nthawi ya pemphero. Pa perekani-perekani amadziwa kuti gulu lililonse loitanidwa, a kuchimuna, a kuchikazi, a kuntchito, a kumpingo, lidzafuna kudziona. Inunso muthandizeni: mulembereni mayina a anthu amene sayenera kusowa pa zithunzi, makamaka okalamba, ndipo mumpatse wachibale mmodzi womulozera.

Chachitatu, funsani za zida, musachite manyazi. Ali ndi makamera angati? Imodzi ikafa pakati pa mwambo atani? Mabatire apadera ali nawo, poti magetsi kuno sachedwa kuzima? Makamera ambiri a ntchito masiku ano amalowa makadi awiri, chithunzi chilichonse n'kusungika pawiri nthawi yomweyo, ndipo wojambula wosamala akafika kunyumba amazikoperanso pena asanagone. Mufunsenso kuti tsikulo adzabwera ndi iye mwini kapena adzatuma wina. Alipo ena amene amalandira ndalama za maukwati atatu Loweruka limodzi, kwinako n'kutumizako anyamata ophunzira. Inu munaona ntchito ya mwini dzina, koma pa tsiku lanu pakubwera munthu amene simunamuonepo.

Chachinayi, lemberanani. Papepala pakhale mtengo, ndalama zomwe mwapereka poyamba, nthawi yofika ndi yoweruka, chiwerengero cha zithunzi, zingati zidzatsukidwe n'kuikidwa mu alubamu, ndi tsiku lomwe mudzazilandire. Palembedwenso ngati mukumulola kuika nkhope zanu pa intaneti potsatsa malonda ake. Landirani lisiti, ndipo ndalama zomaliza muzipereke zithunzi zili m'manja. Mupempheninso akulozereni mabanja awiri amene anawajambulapo, mukawafunse nokha ngati anasunga nthawi ndi lonjezo. Munthu wa ntchito yoongoka sakwiya ndi mafunso otere. Amene akwiye wakuyankhani kale.

Ndikudziwa kuti nkhani ivuta pa ndalama. Ojambula odziwa ntchito ndi odula, ndipo sikuti n'kuba. Makamera, mapepala ndi inki zonse zimachokera kunja, ndipo kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo ya zinthu zotere inakwera. Koma tiyeni tinene chilungamo. Komiti yomweyo imene ikulira ndi mtengo wa wojambula siilira pogula makireti owonjezera kapena kubwereka magalimoto asanu oti angoliza mahutala mumsewu. Zakumwa zimatha tsiku lomwelo, keke imadyedwa, holo mumabweza makiyi. Ngati thumba laperewera, kambiranani naye kuti ajambule maola ochepa, kutchalitchi ndi zithunzi za mabanja, kusiyana n'kukhala ndi wosadziwa tsiku lonse.

Ena ati nanga achinyamata aphunzira bwanji tikamawakana? Funso labwino. Aphunzire monga amaphunzirira kalipentala kapena telala, poyenda pambuyo pa wodziwa, kumunyamulira chikwama ndi kujambula pambali. Mwana wa achemwali abwere ndi kamera yake, ajambule mmene angathere, zikakoma tidzamuyamikira. Koma ukwati wa munthu usakhale sukulu yake. Telala akalakwitsa suti mumasoketsa ina. Tsiku la ukwati likapita lapita, madzi akatayika saoleka.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti ife tomwe timalemba ndi kuwerenga m'masamba ano kudzudzula akuluakulu opereka ntchito ndi makontirakiti kwa abale awo, tikakhala pa mpando wa komiti timachita zomwezo. Chiyambire chisankho cha pa 17 May 1994 takhala tikuuzana kuti munthu tizimuyesa ndi ntchito zake, osati kwawo, mtundu wake kapena kukoma kwa pakamwa pake. Mfundo imeneyi ndi yabwino ku Nyumba ya Malamulo, ndi yabwinonso pabalaza pomwe komiti ya ukwati yakhala. Amene sangathe kukana mphwake pa nkhani ya kamera, kodi adzamukana akadzapatsidwa unduna?

Pomaliza, zithunzi mukalandira musazisiye mu foni mokha. Foni imabedwa, imagwera m'madzi, ndipo zotumizirana pa WhatsApp nthawi zambiri zimafika zitachepa mphamvu. Tsukitsani zingapo, zina mupachike, zina mutumize kumudzi ndi kwa abale amene ali ku Johannesburg kapena ku London amene sanathe kubwera. Ndipo inu a tcheya, Loweruka likudzali wina akadzanena kuti mwana wa achemwali ali ndi kamera, musafulumire kuomba m'manja. Muuzeni abwere ndi alubamu komiti ione.