Windows Watsopano: Kuona Maso a Nkhono N'kudekha

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10, pulogalamu yaikulu imene yakhala ikuyendetsa makompyuta ambiri m'maofesi ndi m'masukulu chiyambire 2015. Kompyuta yokhala ndi pulogalamuyi siifa ayi. Imayakabe monga kale, koma siilandiranso zigamba za mwezi ndi mwezi zotseka mipata yoloŵera akuba ndi mavairasi, pokhapokha mwini wake atalembetsa mwapadera. Motero kusamukira ku Windows 11, amene anatuluka pa 5 Okutobala 2021, ndi nzeru ndithu. Choipa ndicho kusamuka mwaphuma.

Amene akuyesa kuti chinthu chatsopano sichikhala ndi chilema akumbukire za mu Okutobala 2018. Mwezi umenewo Microsoft inatulutsa Windows 10 wokonzedwanso, ndipo anthu ena atangomuika anapeza kuti makalata ndi zithunzi zawo zafufutika. Kampaniyo inaimitsa kumugaŵa, nimutulutsanso mu Novembala. Chimodzimodzinso mu 2024, pamene inatulutsa Windows 11 wotchedwa 24H2, inayamba yaletsa makompyuta ena kumulandira chifukwa sanali kugwirizana ndi timapulogalamu toyendetsa zipangizo zawo. Tsono ngati eni ake amadekha chotere, mphunzitsi amene wasunga mayeso ndi malikisi a ana a Fomu 4 m'kompyuta imodzi yokha athamangirenji?

Choyamba, munthu asanakhudze kanthu, akopere ntchito yake yonse pa fulashi kapena pa disiki ina, ndipo atsegule mafailo angapo kuti atsimikize kuti akoperekadi. Chachiŵiri, ayambe wadziŵa mphamvu za makina ake. Windows 11 amafuna memore yosachepera 4 GB, malo osungira okwana 64 GB, ndiponso kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0. Pulogalamu ya PC Health Check imamuuza munthu ngati zonsezi zilipo. Nthaŵi zina TPM imakhalamo, kungoti inazimitsidwa mu BIOS, ndipo kuiyatsa kokha kumathetsa vuto. Chachitatu, asayambe ntchitoyi pa laputopu yopanda moto wokwanira, pakuti magetsi akathima m'kati mwa ntchito, kompyuta ikhoza kukana kuyaka.

Zikavuta atamaliza, asataye mtima. Makina osindikizira akaleka kumvera, kaŵirikaŵiri mankhwala ake ndi dalaivala yatsopano yochokera kwa amene anapanga makinawo. Zikakanika zonse, Windows amapereka masiku 10 obwerera kumene munthu anachokera. Masikuwo akatha, khomo limatsekeka.

Nanga sukulu zimene zinalandira makompyuta akale a mphatso, amene Windows 11 amawakana, zitani? Kuwataya ndi kusakaza chuma, ndipo kuwakakamiza ndi mapulogalamu akuba ndi kuitana mbala m'nyumba. Njira yolongosoka ndiyo Linux, monga Ubuntu 24.04 amene anatuluka mu Epulo 2024. Ameneyu salipiritsa, amasamalidwa zaka 5, ndipo amayendetsa LibreOffice yolembera makalata ndi kuŵerengera malikisi.

Mnyamata kapena mtsikana amene wangotsiriza sukulu asaone zimenezi ngati ntchito ya akatswiri okha. Wodziŵa kusunga ntchito ya ofesi asanasinthe pulogalamu ndiye amene bwana adzamudalira, pakuti pulogalamu ikaonongeka imaikidwanso tsiku lomwelo, koma malikisi a chaka chonse akafufutika palibe sitolo imene imawagulitsa.