Zirapi za pa Foni Zisalande Malo a Agogo

M'caka ca 2024 kampani ya Meta inaika makina oyankha ngati munthu, ochedwa Meta AI, pa WhatsApp muno m'Zambia. Tsopano mwana wa ku Chadiza angathe kusewera nawo: iye aganiza nyama kapena munthu wochuka, makinawo nafunsa mafunso kufikira atapeza dzina lake.

Masewerawa sali oipa. Mwana aphunzira kuganiza mofulumira, ndipo Cingelezi cake cikula, popeza makinawo adziwa Cingelezi kuposa Cinyanja. Koma cirapi ca nkhokwe kapena ca mtondo cifuna munthu amene anakulira m'mudzi. Kwa Mlolo, kwa Zingalume ndi kwa Mwangala, agogo akaponya cirapi ana onse amalimbana naco pamodzi. Wolephera amasekedwa, naphunzira kupirira. Wamng'ono amaphunzira kudikira kuti mkulu ayambe walankhula. Foni siidzudzula mwana akadula mnzace mau. Ndiponso imadya ndalama, pamene agogo safuna ngakhale ngwee imodzi.

Tsono makolo ndi aphunzitsi asalole mwana kudzitsekera yekha m'nyumba ndi foni. Ana azisewera nayo ali gulu pabwalo, ndipo zirapi zimene makina alephera azipita nazo kwa akulu madzulo.