Yambani ndi ampulifaya, masipika pambuyo

Ntchito zikusowa, ndiye ambiri omaliza sukulu akulowa bizinesi yobwereketsa zokuzira mawu pa maukwati, pa zinkhoswe ndi pa misonkhano ya mpingo. Kwathu ku Linthipe n'chimodzimodzi. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti ndalama zonse zimathera pa masipika akuluakulu, ampulifaya n'kugula ndi zotsala. Ine ndikuti kumeneko n'kuyambira kumchira.

Ampulifaya yofooka ukaikakamiza, mawu amasasa, ndipo kusasako n'kumene kumawotcha ma tweeter. Mikisa, imene imagwira ntchito ya preamp, ikamangoyaka zofiira, dziwani kuti vuto layamba kale. Musatengeke ndi manambala a PMPO olembedwa pa katoni; funsani mawati a RMS. Werenganinso ma ohm: masipika awiri a ma ohm 8 mukawalumikiza parallel amakhala 4, anayi amakhala 2. Ampulifaya yosapangidwira 2 imatentha n'kuzima perekaniperekani ali mkati.

Ngakhale zida zodula zimamvera lamulo lomweli. Masipika a electrostatic, monga Quad ESL amene anatuluka ku England mu 1957, amatulutsa mawu ndi kapulasitiki kopyapyala kogwedezeka ndi magetsi. Ma ohm ake amatsika kwambiri pa mawu okwera, choncho eni ake amasankha ampulifaya yopirira, osangoti yaphokoso.

Ngati mpamba ndi wochepa, gulani masipika awiri ndi ampulifaya yowakwanira, osati anayi ongoopsezera maso. Mwini ukwati saiwala DJ amene nyimbo zinamuthera panjira. Mbiri ikaipa pamudzi, oitana amatha, koma ngongole ya zida imatsala.