Motoka ya pa foni ikacita ngozi, alipila ndani?

Kucokela mu 2022 pamene kampani ya Yango inayamba nchito mu Lusaka, kuitana motoka pa foni kwakhala cinthu ca masiku onse. Ngakhale ife a kumidzi tazolowela. Mlimi akatsika basi pa Intercity usiku, mwana wake amangodina foni ali ku Matero kapena ku Chawama, ndipo motoka imafika kudzatenga atate ake pamodzi ndi thumba lao la nshawa. Odwala ocokela ku Katete ndi ku Petauke amene atumizidwa ku UTH naonso ayenda motelo. Sitikana, ulendo unapepuka, ndipo mtengo umadziwika munthu asanakwele. Koma motoka izi zimagundana monga zina zonse, ndipo zikagundana banja la wovulala limapeza anthu anai patsogolo pake: dalaivala, mwini motoka, kampani ya app ndi kampani ya inshuwalansi. Aliyense aloza mnzake, kwinaku wodwala ali gone m'cipatala ndi mwendo wothyoka.

Lamulo la Road Traffic Act la 2002, limene linakhazikitsanso RTSA, likamba kuti motoka iliyonse yoyenda pa mseu ikhale ndi inshuwalansi ya third party. Colinga cake n'cakuti wovulazidwa, kapena banja la amene wafa, apeze kolandila cipukuta misozi ngakhale dalaivala akhale mmphawi. Koma inshuwalansi ili m'mitundu. Pali ya motoka ya panyumba, yopita nayo ku nchito ndi ku malilo, ndipo pali ya motoka yonyamula anthu olipila, imene ili yodulilapo. Eni motoka ena amagula yochipa ija ya panyumba, kenaka n'kuika motoka pa app. Tsiku la ngozi kampani ya inshuwalansi imatsegula pepala la pangano ndi kuonetsa mzele wokamba kuti motoka iyi siinali yocitila malonda. Wokwela sanadziwe ciliconse ca zimenezi, koma ndiye amene amavutika nazo.

Nayo makampani a app, m'maiko ambili, amakamba kuti iwo sanyamula anthu, nchito yao ni kulumikiza cabe wokwela ndi dalaivala. Mau amenewa sititi awameze onse. Amene aika mtengo wa ulendo ndi kampani, amene adula gawo lake pa ulendo uliwonse ndi kampani, amene acotsa dalaivala pa app akalakwa ndi kampani yomweyo. Ku Britain mu 2021 khoti lalikulu koposa linayang'ana zinthu zonga izi pa mlandu wa Uber, ndipo linagamula kuti madalaivala amene anadandaula anali anchito oyenela malipilo ovomelezeka ndi chuti. Unali mlandu wa nchito, osati wa ngozi, komabe uonetsa kuti wodyako phindu sangangosamba m'manja.

Cimene citidetsa nkhawa koposa ndi cizolowezi cathu comalizila nkhani m'mbali mwa mseu. Ngozi ikangocitika, dalaivala amagwada. Amakamba kuti ali ndi ana ang'ono, kuti abwana ake adzamucotsa nchito, kuti apolisi akabwela motoka idzatsekeledwa. Amatulutsa ndalama zocepa zogulila mankhwala, nalonjeza kudzaonekela ku cipatala mawa. Ife, pokhala anthu oleledwa kuti munthu wogwada sakanidwa, timalandila. Patapita masiku atatu msana wayamba kuwawa, dokotala wapeza fupa long'aluka, ndipo foni ya dalaivala siilowanso. Kukhululukila munthu n'kwabwino, ndipo palibe amene aletsa. Koma lipoti la apolisi si cilango kwa dalaivala. Ndi ciphaso cimene kampani ya inshuwalansi imafuna isanatulutse ngakhale ngwee imodzi. Mungathe kukhululuka ndi mtima wonse, lipoti n'kulembedwa ndithu.

Conco pa malo a ngozi, amene ali ndi mphamvu atume foni kwa apolisi pa 991, ndipo wovulala afulumile naye ku cipatala. Wina ajambule motoka zonse, nambala zake ndi malo. Alembe dzina la kampani ya inshuwalansi ndi nambala ya policy, atenge maina a mboni ziwili kapena zitatu. Pa app pamakhala dzina la dalaivala, nambala ya motoka, nthawi ndi njila imene munadzela. Jambulani zimenezo tsiku lomwelo ndi kutumiza dandaulo kupitila pa app kuti pakhale umboni wolembedwa. Apa tionjezepo mau amodzi. Madalaivala ena amapempha kuti mufafanize ulendo pa foni ndi kuwapatsa ndalama pamanja, ati akucepetselani mtengo. Mukavomela, mwafafaniza umboni wakuti munakwela motoka ya pa app. Ndiponso ngati nkhope kapena nambala ya motoka isiyana ndi imene foni ionetsa, musakwele.

Ku polisi pemphani fomu ya medical report kuti dokotala alembepo mabala onse, ngakhale amene aoneka ang'ono. Sungani malisiti onse, a X-ray, a mankhwala, a ndodo zoyendela, a basi yobwelela ku review. Wa mu ofesi amaonetsa payslip pofuna kutsimikiza ndalama zimene wataya. Nanga mlimi aonetsa ciani? Munthu wothyoka mwendo mu November wataya caka conse, pakuti mvula siiyembekeza wodwala, ndipo munda wosabzalidwa mu December sukolola mu May. Kutaya kumeneku ni kwenikweni, koma khoti ndi inshuwalansi zimaona mapepala. Malisiti a FRA a cimanga cimene munagulitsa, mapepala a kampani ya thonje kapena ya fodya, buku la kopaletivu, ndi ndalama zimene mwalipila aganyu kuti alime m'malo mwanu, zonsezi ndiye payslip yanu. Musakolezele moto mapepala amenewa.

Ambili asokoneza milandu iwili. Apolisi akatengela dalaivala ku khoti cifukwa coyendetsa moipa, umenewo ni mlandu wa boma, ndipo faini imapita ku boma. Mlandu wofuna cipukuta misozi ni wina, ndipo suyenda wokha. Wovulala ayenela kuuyambitsa, poyamba ku kampani ya inshuwalansi, ndipo zikakanika ku khoti. Ngati munthu wamwalila, banja lisankhe msanga administrator ndi kutenga kalata ya ku khoti, pakuti amalume ngakhale akhale olemekezeka motani sadzamvedwa popanda kalatayo. Lamulo lipatsa zaka zitatu zoyambitsa mlandu wa kuvulazidwa. Zaka zitatu zioneka zambili, koma zimatha ndi mau akuti “bwelani sabata ya mawa”.

Cenjelaninso ndi pepala limene amakupatsani kuti musaine polandila ndalama. Kawili-kawili limakamba kuti mwalandila zonse ndipo simudzafunanso kanthu. Musasaine dokotala asanakambe kuti mwapola kapena kuti mudzatsala ndi cilema cotani. Ngati lalembedwa m'Cizungu cimene simukumva bwino, pitani nalo kunyumba, wina akuwelengeleni. Inshuwalansi ya third party ili ndi malile a ndalama zimene ingalipile, ndipo zikacepa, zotsala zifunidwa kwa dalaivala ndi mwini motoka. Kampani ikazengeleza kapena ikakana popanda cifukwa comveka, dandaulo lipite ku Pensions and Insurance Authority, bungwe loyang'anila makampani a inshuwalansi. Amene alibe ndalama za loya apite ku Legal Aid Board. Za anyamata oyendayenda m'mawadi olonjeza kuti adzakutengelani ndalama msanga mukawapatsako theka, sitifuna kutayilapo mau ambili. Funsani loya weniweni.

Tsopano kwa inu anzathu alimi amene munagulitsa soya kapena ng'ombe n'kugula kamotoka kuti mwana aziyendetsa mu tauni. Nzelu imeneyo ni yabwino, koma dziwani kuti dzina lolembedwa pa white book ni lanu. Ngati dalaivala agunda munthu pamene akugwilila nchito inu, mlandu ungafike pakhomo panu, ndipo inshuwalansi ikakana, khola ndi munda ndizo zidzayankha. Pitani nokha ku kampani ya inshuwalansi, muwauze poyela kuti motoka inyamula anthu olipila, ndipo mau amenewo alembedwe pa policy. Funsani ku RTSA mapepala ndi laisensi zoyenela motoka yonyamula anthu. Onaninso ndalama ya cashing imene mufuna pa sabata. Mukaikweza kwambili, mnyamata adzayendetsa usana ndi usiku kuti akwanitse yanu, ya mafuta ndi ya app, ndipo tulo tidzamugwila pa chiongolelo.

Kwa RTSA ndi a Pensions and Insurance Authority, pempho lathu ni lakuti motoka isaloledwe pa app iliyonse popanda inshuwalansi yonyamulila anthu, ndipo policy ikatha, motoka izimitsidwe pa app tsiku lomwelo. Makampani a app aonetse dzina la kampani ya inshuwalansi pa foni ya wokwela, pafupi ndi dzina la dalaivala. Akhale ndi ofesi yokhala ndi citseko ndi munthu wolankhula Cinyanja, kumene mai wocokela ku Nyimba angafike ndi mapepala a mwana wake ndi kuyankhidwa. App imene idziwa pamene motoka ili mphindi iliyonse siingalephele kudziwa tsiku limene inshuwalansi ya motokayo inatha.