Misomali yopanda dzina: kodi satifiketi ya boma ifika pa denga la mlimi wa ku Mecanhelas?

Miyezi ya Seputembala ndi Okutobala ndi nyengo yofolera nyumba m'boma la Mecanhelas. Mlimi akagulitsa nandolo, fodya kapena mpunga, ndalama yoyamba imapita ku malata mvula isanagwe. Pa sitolo ya ku Insaca kapena pa msika wa ku Entre-Lagos, wogula amagogoda lata ndi chala, amafunsa geji yake, amanenerera mtengo mpaka thukuta. Akafika pa misomali amangoti "makilo awiri", wogulitsa n'kutapa m'thumba lopanda chizindikiro chilichonse, n'kukulunga m'pepala. Fakitale imene inapanga misomaliyo saidziwa wogula, nthawi zambiri ngakhale wogulitsa. Koma chimphepo chikabwera, denga limayambira pa msomali kusasuka.

Anthu a m'dera lino aziona ndi maso awo. Namondwe Ana anadutsa mu Januwale 2022, Gombe mu Malichi chaka chomwecho. Freddy anagwa pa Quelimane mu Malichi 2023 n'kupha anthu ambiri kummwera kwa Malawi, tsidya lina la nyanja ya Chirua. Chido analowa pa Mecúfi, ku Cabo Delgado, pa 15 Disembala 2024, n'kudutsa mu Niassa kupita ku Malawi. Jude anatsatira mu Malichi 2025 kudzera ku Nampula. Namondwe aliyense akapita, bungwe la INGD limawerenga nyumba, zipinda zophunzirira ndi zipatala zimene madenga ake asasuka. Kawirikawiri khoma limakhala chilili, malata ali m'munda mwa mnansi.

Mphepo yamphamvu ikamadutsa pamwamba pa nyumba imakokera denga kumwamba, makamaka m'makona, m'mphepete ndi pa msana wa denga. Lata limadalira msomali kuti likhale pa mtanda, mtanda umadalira msomali kapena bawuti kuti ukhale pa phaso, ndipo phaso limadalira waya kapena lamba wachitsulo kuti likhale pa khoma. Malo amodzi akalephera, lata limodzi limatukuka, mphepo imalowa mkati ndipo ena onse amatsatira. Msomali wa chitsulo chofewa umapindika poukhoma. Wa mutu wosalimba umaduka chipewa n'kusiya lata likugwedezeka. Wosakutidwa bwino ndi zinki umachita dzimbiri m'nyengo zochepa, makamaka m'madera a chinyezi monga m'mphepete mwa Chirua ndi Chiuta, ndipo dzimbiri limadya bowo la lata mpaka likule.

Funso limene amisiri ndi amalonda akhala akukambirana m'mayiko ambiri ndi lakuti kodi misomali, mabawuti ndi manati zizigulitsidwa pokhapokha zili ndi satifiketi yosonyeza kuti zinayesedwa. Mu Mozambique, ntchito yokhazikitsa miyezo ili m'manja mwa Instituto Nacional de Normalização e Qualidade, INNOQ, lomwe linakhazikitsidwa mu 1993. Lamulo la Decreto 8/2022 linabweretsa dongosolo lakuti katundu wochokera kunja amene ali pa mndandanda wa boma aziyesedwa ndi kupatsidwa satifiketi asanakwezedwe m'dziko limene akuchokera. Dongosololi linayamba kugwira ntchito mu 2023, ndipo kampani ya Intertek ndiyo inapatsidwa ntchito yoyesa. Bungwe la amalonda la CTA linadandaula kuti ndalama zolipira satifiketi zikweza mitengo ya katundu.

Simenti ndi chitsanzo cha mmene lamulo lotere limathandizira. Kuyambira mu 2016, simenti ili ndi lamulo lakelake loyang'anira kapangidwe ndi kagulitsidwe kake. Imabwera m'thumba lotseka, lolembedwa dzina la fakitale ndi mphamvu yake, 32.5 kapena 42.5. Wogula wa ku Chiuta angathe kuwerenga yekha, ndipo ikapezeka yoipa pali wina woti afunsidwe. Misomali ilibe mwayi umenewu. Ingathe kulowa pa doko la Nacala m'makatoni okhala ndi mapepala onse, koma ikafika ku Cuamba katoni imatsegulidwa, misomali imathiridwa m'matumba, n'kusakanikirana ndi ina yochokera kwina. Pepala limatsala mu ofesi ya woitanitsa katundu. Kwa mlimi kumafika chitsulo chokhachokha.

Mayiko ena anayesa kale njira imeneyi. Ku United States, m'zaka za m'ma 1980 kunapezeka mabawuti achinyengo, olembedwa mphamvu imene analibe, ataikidwa ngakhale m'magalimoto a asilikali. Dzikolo linakhazikitsa lamulo la Fastener Quality Act mu 1990, koma linasinthidwa kangapo chifukwa cha madandaulo a opanga ndi ogulitsa, mpaka linakhazikika mu 1999. Ku India, boma linalamula mu 2023 kuti mabawuti ndi manati azikhala ndi chizindikiro cha bungwe loona za miyezo la BIS, ndipo mafakitale ang'onoang'ono anapatsidwa miyezi yowonjezera kuti akonzeke. Mayiko awiriwa ali ndi malo ambiri oyesera zitsulo ndiponso oyendera malonda ambiri, komabe lamulo linawatengera nthawi kuti liyambe kuluma.

Ku Mecanhelas kuli vuto lina: malire. Njanji yochokera ku Nacala imadutsa pa Entre-Lagos kulowa ku Nayuchi m'boma la Machinga, koma katundu wa mlimi sayendera njanji yokha. Amayenda pa njinga, pa njinga yamoto ndi pa bwato, kudzera m'njira zimene achibale a mbali ziwirizi akhala akuyendamo kuyambira kale. Malawi nayonso ili ndi bungwe lake, Malawi Bureau of Standards, lokhazikitsidwa mu 1972, lomwe limayesa katundu wopangidwa m'dzikomo ndi wolowa. Koma makilo asanu a misomali omangidwa pa kaliyala sakumana ndi woyesa wa mbali iliyonse. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya tsidya lino ndi tsidya lija inasinthasintha, ndipo wogula amangotsatira kumene kwatsika.

Apa ndi pamene lamulo labwino lingathe kubala zosayembekezereka. Satifiketi ikakweza mtengo wa misomali ya m'sitolo zolembetsedwa, mlimi amene ndalama yake yathera pa malata ali ndi njira ziwiri. Angathe kugula yotchipa yosadziwika kumene yachokera, kapena angathe kugula yabwino koma yochepa, n'kuuza kalipentala kuti aitalikitse. Denga lokhomedwa ndi misomali yabwino yotalikirana limasasuka chimodzimodzi ndi lokhomedwa ndi misomali yoipa. Choncho lamulo la satifiketi likayenda lokha, popanda kuyang'ana mtengo ndi kakhomedwe, lidzateteza nyumba za m'mizinda n'kusiya za m'midzi mmene zinalili.

Kuti pepala la pa doko lifike pa denga, pali zinthu zitatu zimene boma lingachite popanda kudikira makina atsopano. Choyamba, misomali ndi mabawuti azigulitsidwa m'mapaketi a kilo imodzi kapena theka, olembedwa dzina la wopanga, kutalika kwake ndi ngati ali okutidwa ndi zinki, monga zimakhalira ndi simenti. Chachiwiri, oyendera malonda a boma, amene amayang'ana kale masikelo ndi zakudya zopitirira nthawi, azifikanso m'sitolo za zipangizo zomangira ku Cuamba ndi ku Insaca nyengo yofolera isanayambe. Chachitatu, boma likhale wogula woyamba wofunsa satifiketi. Mu 2021 Mozambique inakhazikitsa malangizo a kamangidwe ka masukulu opirira mphepo ndi madzi, potsatira ntchito imene unduna wa maphunziro unachita ndi bungwe la UN-Habitat. Kontilakitala aliyense womanga sukulu kapena chipatala atamafunsidwa pepala la zomangira denga asanalipidwe, ogulitsa a m'chigawo angayambe kusunga katundu woyesedwa, ndipo mlimi angamupeze pafupi. Makomiti a makolo a pa sukulu ali ndi ufulu wofunsa zimenezi pamene denga likukhomedwa, chifukwa ana awo ndi amene amakhala pansi pake, ndipo namondwe akabwera mabanja amathawira m'zipinda zomwezo.

Pakadali pano wogula angadziteteze yekha m'njira zingapo. Msomali wa malata ukhale wokutidwa ndi zinki, wa chipewa chachikulu chosagwedera, ndipo wopotana thupi umagwira mtengo kuposa wosalala. Ndi bwino kugula ochepa kaye n'kuyesa pa thabwa louma: ukapindika msanga kapena chipewa chikachoka, thumba lonselo ndi lokayikitsa. Bawuti yabwino imakhala ndi manambala pamutu. Yolembedwa 8.8 imapirira kukokedwa kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi ya 4.6 ya kukula komweko, ndipo yopanda nambala siyenera kudaliridwa pa phaso la nyumba yaikulu. Pa malata, nambala ya geji ikamakwera lata limapyapyala: la 32 ndi lopyapyala kuposa la 28, ndipo lopyapyala limang'ambika pa msomali.

Kakhomedwe nakonso ndi kofunika. Msomali ukhomedwe pamsana pa lata, osati mu ngalande yake. M'makona, m'mphepete ndi pa msana wa denga misomali iyandikane kuposa pakati. Nsonga yotulukira kunsi kwa mtanda ipindidwe. Phaso lililonse limangidwe ndi waya wokhuthala kapena lamba wachitsulo wolowa mizere ingapo ya njerwa pansi. Denga la khonde likhale lapadera, kuti likanyamuka lisatenge la nyumba. Denga la mbali zinayi limapirira mphepo kuposa la mbali ziwiri.

Pa ndalama zonse za denga, misomali ndi waya zimatenga gawo laling'ono kwambiri poyerekeza ndi malata ndi matabwa. Mlimi amene wasunga zokolola za zaka ziwiri kuti afolere nyumba akachepetsa kilo imodzi ya misomali amapulumutsa ma meticais ochepa, koma amaika denga lonse pa chiswe. Nyengo ya anamondwe imayamba mu Novembala n'kutha mu Epulo. Amene anafolera kale ali ndi masabata ochepa okwera pa denga, kuchotsa misomali ya dzimbiri, kuwonjezera ina m'makona ndi kumanganso phaso ku khoma.