Kompyuta ikathima, tisathamangire power supply yotchipa

Ife amene kwathu ndi ku Namitete, Mpingu, Nsaru, Kabudula ndi Nambuma timadziwa zomwe zimatidikira pa tchuthi. Tisanapume n'komwe, wina amatulukira: "Achimwene, inu a ku koleji, tandionerani kompyuta yanga. Magetsi atangoyaka inangoti phu, basi osayakanso." Kawirikawiri amakhala mwini kashopu ka pamsika, kolembapo makalata ofunsira ntchito, kupanga fotokope ndi kuika nyimbo m'mafoni. Kompyutayo ndiwo munda wake, ndipo ikagona tsiku limodzi, kunyumba ndiwo zimasowa.

Ambirife timayankha mofulumira kuti power supply yapsa, akagule ina m'tauni. Munthuyo amakwera minibasi kupita ku Lilongwe, n'kukafunsa yotsika mtengo kuposa zonse. Ife tikuti uphungu woterewu ndi wosakwanira, ndipo ukuluzitsa anthu amene amatikhulupirira chifukwa cha sukulu yathu.

Tchuthi chathachi tinazionera tokha pa msika wina wa kwathuko. Mnzathu anagula power supply yatsopano, yonyezimira, yolembedwa 650W koma yopanda dzina la kampani yodziwika. Inagwira ntchito milungu itatu. Tsiku lomwe inafa, inapita ndi motherboard komanso hard disk momwe munali ntchito za makasitomala ake. Ndalama za soya zomwe anaganiza kuti wapulumutsa zinatha, n'kuwonjezapo ngongole. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Kuti timvetse, tikumbukire ntchito ya kabokosi kameneka. Magetsi a m'soketi kuno ku Malawi ndi a 230V. Zipangizo za m'kati mwa kompyuta zimafuna 12V, 5V ndi 3.3V zokha, ndipo zimafuna magetsi okhazikika. Power supply ndiyo imatsitsa mphamvuyo, komanso ndi mlonda wa pakhomo. Yabwino ikakumana ndi magetsi oipa imadzithimitsa, kapena imafa yokha. Yachinyengo imatsegula chitseko kuti moto ulowe m'nyumba yonse.

Mlonda ameneyu kuno amagwira ntchito yolemetsa. Tonse tikukumbukira chaka cha 2022 pamene namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi ma megawatts 130. Magetsi ankathima ndi kuyaka tsiku ndi tsiku, ndipo nthawi yomwe akubwerera ndiyo yoopsa kwambiri ku zipangizo. Onjezanipo ziphaliwali za m'dzinja, fumbi la mu Okutobala lomwe limatseka fani, majenereta ang'onoang'ono ndi ma inverter otchipa a sola. Malo ngati amenewa safuna mlonda wogona.

Ndiye tichite chiyani? Choyamba, tisanatume munthu ku tauni, titsimikize kuti chafa n'chiyani. Pulagi ya mano atatu ili ndi fyuzi m'kati mwake, ndipo nthawi zina chapsa ndi chimenecho basi. Tiyese chingwe china ndi soketi ina. Ngati n'kotheka tibwereke power supply yomwe ikugwira ntchito, tiyesere. Koma tisatsegule kabokosiko, chifukwa ma capacitor a m'kati amasunga magetsi ngakhale titachotsa pulagi pakhoma.

Chachiwiri, tiwerenge chizindikiro chomatidwa pa yakufayo, tichijambule pa foni, ndipo wopita ku tauni ainyamule. Makompyuta ambiri a kaunjika a Dell ndi HP omwe adzaza m'mashopu ndi m'sukulu za kwathu sagwiritsa ntchito pulagi ya mapini 24 yomwe ili pa power supply wamba. Ena ali ndi ya mapini 8 kapena 6, ndipo kabokosi kake n'kocheperako. Pa makompyuta ena akale pali kaswitchi kofiira kumbuyo, kolembedwa 115 ndi 230. Kakakhala pa 115, kompyuta imaphulika pomwepo mukangoilumikiza.

Chachitatu, tisanyengeke ndi nambala yaikulu. Kompyuta ya muofesi yolembera ndi kusindikiza sifuna ma watts oposa 300. Ndi bwino kupeza 300W yoona kusiyana ndi 650W yabodza. Tione dzina la kampani, tione ma amps omwe alembedwa pa mzere wa 12V, ndipo tiinyamule m'manja: yopepuka ngati chitini chopanda kanthu imakhala kuti zina zofunika anazisiya. Chizindikiro cha 80 PLUS chimatanthauza kuti magetsi osachepera 80 pa 100 alionse amafika ku kompyuta m'malo mosanduka kutentha, ngakhale achinyengo amathanso kuchimata.

Nafenso a malaputopu nkhaniyi ikutikhudza, pakuti chaja ndi power supply yomweyo. M'mahositelo timabwerekana machaja poona kuti kamutu kalowa. Kulowa si umboni. Ma volts ayenera kufanana: malaputopu ambiri a Dell ndi HP amafuna 19.5V, a Lenovo 20V, a Acer 19V. Ma amps akhale ofanana ndi a chaja yakale kapena ochulukirapo, osati ochepera. Projekiti ya chaka chomaliza isafere chaja ya pamsewu.

Tikudziwa chomwe ena anene: zabwinozo n'zodula, ndalama zake zili kuti? Funsoli ndi loona, ndipo sitikuuza wa kashopu ku Kabudula kuti agule zapamwamba. Koma pali njira yapakati. Power supply yeniyeni yochotsedwa mu kompyuta ina ya mtundu womwewo, yoyesedwa pamaso panu, nthawi zambiri imaposa yatsopano yopanda dzina. Tipemphe risiti ndi masiku obwezera ikavuta. Ngati ndalama sizikukwana, kudikira mlungu umodzi n'kwabwino kusiyana ndi kugula kawiri.

Palinso chitetezo chosalira ndalama. Magetsi akathima, tizule pulagi, ndipo akayaka tidikire mphindi zingapo. Mvula ya mabingu ikayamba, tizulenso. Tileke kulowetsa pulagi ya mano awiri pokanikiza soketi ndi kamtengo, tilekenso kumanga waya pamalo pa fyuzi yakupsa. Amene angathe agule surge protector kapena UPS asanaganize zogula masipika atsopano.

Anthu a kwathu satifunsa chifukwa timadziwa zonse. Amatifunsa chifukwa tinapita ku sukulu, ndipo amayembekeza kuti tiwerenga zomwe iwo sangawerenge. Tchuthi chikubwerachi wina akatibweretsera kompyuta yakufa, tisamuyankhe tili chiimire. Tikhale pansi, titembenuze bokosilo, tiwerenge kaye zomwe zalembedwapo.