Tisagawane makanema ozunza nyama

M'chaka cha 2023, atolankhani a BBC anaulula zoti anthu ena a ku America ndi ku Britain ankalipira anthu a ku Indonesia kuti azizunza ndi kupha tiana ta anyani uku akujambula. Zimenezi zinayambira pa YouTube, kenaka nkusamukira m'magulu obisika a pa Telegram. Mu 2024, khoti la ku Britain linatsekera m'ndende amayi awiri kaamba ka mlanduwu.

Ife tikuti nkhanzazi zikukula chifukwa zili ndi msika. Ena amachita kuika dala kagalu pafupi ndi nsato kuti ajambulidwe ngati akukapulumutsa. Aliyense woonera, ngakhale wolembapo mawu odzudzula, amathandiza kuti kanemayo afalikire, ndipo mwiniwake amapata ndalama za otsatsa malonda.

Tsono awerengi athu, kanema wotere akafika pa foni yanu musamtumize kwa anzanu, ngakhale mutakwiya chotani. Mudandaule kwa eni tsambalo, basi.

Abusa ndi ansembe, chonde kambiranani nkhaniyi ndi achinyamata, poti kuongola mtengo mpoyamba. Mwana wozolowera kuseka nyama ikamalira, mawa sadzamvera chisoni mnzake.